Ripeka ndi Shuga Wobisala M'mbatata

Ripeka anali mkulu wanga. Tonse tinali ana. Ripeka ankafuna shuga. Sankafuna wambiri. Ankafuna wodzaza kapu imodzi basi.

Achimwene athu a Hirini anali pa ulendo. Ankapita kusukulu yaikulu ku Wellington. Wellington ndi kutali ndi mudzi wathu wa Tikitiki. Ripeka ankafuna kuwaphikira keke ya kamba wa panjira.

Koma nkhondo inali itangotha. Shuga ankasowa. Ripeka anatsegula chitini cha shuga. Munalibe kanthu. Ngakhale nyerere zinali zitasamuka.

Ripeka anayamba kulira.

"Kutauni kuli maswiti," anatero. "Achimwene mukakalawa, mutiiwala."

Achimwene anaseka.

"Iwe, tapukuta mamina. Shuga alipo. Wangobisala."

Anamupatsa kachidutswa ka buledi.

"Tafuna. Usameze."

Ripeka anatafuna. Anatafuna. Anatafunabe ngati ng'ombe. Kenaka anatong'ola maso.

"Wayamba kutsekemera!"

"Eya," anatero achimwene. "M'buledi muli tishuga ting'onoting'ono. Tinatungidwa ngati mikanda pa ulusi. Tikakhala pa ulusi, lilime silitimva. Malovu ako adula ulusiwo."

"Mwadziwa bwanji?"

"Kalekale, anthu awiri a ku France ankafufuza chimera. Anapezamo kanthu kodula ulusi woterewu. Zimenezi ndi zomwe ndikukaphunzira. M'mbatata namonso kanthuko kalimo."

Amayi anali pakhomo. Anamva zonse.

"Mukunena kao?" anafunsa. "Mbatata youmitsa ija? Imatsekemera ngati uchi. Sindinapangenso chiyambire nkhondo. Ripeka, ndikuonetsa mawa."

Koma Ripeka wathu sankagwirizana ndi mawu oti mawa. Anatola mbatata zikuluzikulu. Anasonkha chimoto chachikulu. Anaponya mbatata pamoto.

Mbatata zinada bii. Ripeka ananyema imodzi. Analawa. Kunja makala, mkati zii!

"Mwandinamiza!" anakuwa. "Mulibe shuga!"

"Mayo, mbatata zanga!" anatero amayi. "Mwana iwe, ukuthamangira kuti?"

Achimwene anakhala pansi pafupi naye.

"Kanthu kaja kamaopa moto waukulu," anatero. "Kamafuna kutentha kwa pang'onopang'ono."

"Ndiye basi idzafika tisanathe," anatero Ripeka.

"Tikayamba m'mawa, tidzatha," anatero amayi.

M'mawa tinayamba. Ripeka anasankha mbatata zing'onozing'ono. Amayi anamupatsa chigoba cha nkhono ya kunyanja. Ripeka anapala makungu. Anapala. Anapalabe. Zala zinamuwawa, koma sanasiye.

Tinayanika mbatata pathandala. Madzulo tinkazilowetsa poopa mame. M'mawa tinkaziyanikanso. Ine ntchito yanga inali yothamangitsa nkhuku. Ndinkaigwira ndi mtima wonse.

"Kodi zatheka?" ankafunsa Ripeka.

"Ayi," ankatero amayi.

Mbatata zinafota. Achimwene anakumba dzenje lophikiramo, lotchedwa hangi. Anaikamo miyala yamoto. Amayi anayala masamba. Ripeka anaika mbatata. Tinakwirira ndi masaka onyowa ndi dothi.

"Kodi zatheka?" anafunsa Ripeka.

"Ayi."

Ripeka anakhala pambali pa dzenje. Anadikira. Anadikira. Tsiku lonse sanapite kosewera.

Titafukula, fungo linadzaza pabwalo. Fungo limenelo ndimalisowa mpaka lero. Tinayanikanso mbatata padzuwa. Zinada. Zinakwinyika. Zinali zosaoneka bwino m'pang'ono pomwe.

"Kodi zatheka?" anafunsa Ripeka.

"Talawa," anatero amayi.

Ripeka analuma. Anatafuna. Anadumpha.

"Ndamupeza! Ndamupeza shuga!"

Nanenso anandigawira kamodzi. Kamodzi kokha! Zina zonse anaika m'kadengu kake.

Tsiku la ulendo linafika. Basi inaima pamsewu. Ripeka anapereka kadengu ndi manja awiri.

"Musadye zonse lero," anatero.

"Ndamva, adona," anatero achimwene.

Basi inapita. Fumbi linatha. M'nyumba munakhala chete. Tonse tinawasowa, koma Ripeka anaposa. Basi ikamadutsa, ankathamangira kumsewu. Ankabwerako ali ndwii.

"Atiiwala," ankatero.

"Tiona," ankatero amayi.

Miyezi inapita. Sukulu zinatsekera. Tsiku lina basi inaima. Munatsika mnyamata wa chipewa chakutauni. Nsapato zake zinali phuliphuli. Ripeka anabisala kumbuyo kwa amayi.

Mnyamatayo anavula chipewa. Anali achimwene! M'manja munali kadengu kaja. Anakazondotsa. Simunagwe kanthu.

"Iwe Ripeka, tabwera kuno," anatero. "Maswiti akutauni ndinalawa. Ndi okoma, sindikana. Koma samveka utsi wa kwathu. Kao wako anatha kalekale. Ndabwera kudzatenga wina."

Amayi anaseka mpaka misozi. Ripeka anathamangira m'nyumba. Anatuluka ndi zigoba ziwiri. Chimodzi anapatsa achimwene.

"Khalani apa," anatero. "Palani pang'onopang'ono. Mukuthamangira kuti?"