Dzanja Lomwe Linachotsa Mbola

Mzime analowa mu shedi ya mchimwene wake akudzandira ngati woledzera. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, womaliza kubadwa kwawo, n'chifukwa chake aliyense ankamuitana choncho. Masana amenewo nkhope sinali yake ayi. Milomo inali itatupa, zikope zitafufuma mpaka maso kungotsala timing'alu, ndipo m'khosi monse munali zidzolo zofiira zomwe ankazikanda ngati wapenga.

Mchimwene wakeyo ankawotcherera zitsulo, ndipo anthu ankamutcha Nyundo. Musaganize kuti dzinali linabwera chifukwa cha ntchito yokha. Munthu uja anali wa mtima wapachala, woyamba ndi chibakera mafunso pambuyo.

"Wadya chiyani iwe?" anakuwa Nyundo, uku akutaya magalasi owotcherera pansi.

"A Mphepo... madzi..." Mawu anathera pakhosi. Mpweya unkatuluka ndi kalikhweru.

Basitu, Nyundo sanafunenso kumva zina. Mphepo anali bambo woyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu, ndipo ankaimika pansi pa mtengo, pafupi ndi khomo la shedi. Mwezi wathunthu awiriwa anakhala akutukwanizana, Nyundo akuti njingayo ikutsekera makasitomala ake njira.

"Wamumwetsa poizoni mwana! Lero undiona!"

Anatola chitsulo chomwe ankapangira geti n'kutuluka. Anapeza Mphepo atakwera kale panjinga, akuiliza mwachangu. Kwa Nyundo uko kunali kuthawa. Chitsulo choyamba chinagwera pa nyali, phwaa! magalasi mbwee pansi.

"Dikira kaye, iwe! Mwanayo..."

Mphepo anatukula dzanja kuti ateteze mutu. Chitsulo chachiwiri chinatera pa dzanjalo, ndipo kulira kwa mafupa kunamveka mpaka kwa amayi ogulitsa tomato tsidya la msewu. Anagwa pamodzi ndi njinga yake. Nyundo sanaleke, anamuponda m'nthiti kawiri, katatu, thovu lili kukamwa. Zinali zochititsa manyazi, munthu wamkulu kumenya mnzake amene wagona kale m'fumbi.

Chomwe chinamuimitsa ndi mfuu ya mkazi wake. "Bambo a mwana, siyani zimenezo! Mlamu akufa kuno!"

Mzime anali atagwa pakhomo la shedi. Mlamu wakeyo anali atathamanga ndi timapiritsi ta ziwengo tomwe ankasunga m'chikwama, koma piritsi linakana kudutsa pakhosi. Madzi ankangoyenderera m'mbali mwa kamwa, milomo ikuyamba kuda. Nyundo anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Msewu unali zii, popanda ngakhale galimoto imodzi. Chipatala chinali makilomita asanu, ndipo iye chibadwire anali asanayendetsepo njinga yamoto.

"Dzutsa njingayo," anatero Mphepo ali pansi, akulavula magazi. "Ukhale kumbuyo, mwana pakati. Fulumira, chitsiru iwe!"

Dzanja lomwe limapatsa njinga moto ndi lamanja, lomwelo lophwanyikalo. Zala zinkangolendewera. Mphepo anakanikiza chogwirira ndi chikhatho, n'kukuwa ngati mbuzi yomwe ikuphedwa, koma njinga inanyamuka. Njira yonse Nyundo ankamva kubuula kwa munthu amene wamumenya, pamodzi ndi kalikhweru ka mlongo wake komwe kankacheperachepera.

Namwino atangomuona Mzime sanafunse dzina. Anamubaya jakisoni pantchafu pomwepo, n'kumuveka chopumira kumaso. Patadutsa mphindi zingapo chifuwa chinayamba kukwera ndi kutsika bwino.

"Amumwetsa poizoni, asisitala," anatero Nyundo.

"Poizoni wa chiyani?" Namwino anatembenuza mutu wa mtsikanayo n'kuloza kabala kotupa kuseri kwa khutu. "Njuchi iyi, bambo. M'thupi mwa tonsefe muli chinthu chotchedwa histamini. Ndi chomwe chimachititsa kuyabwa ndi kutupa tikalumidwa. Kwa ambiri chimatuluka pang'ono, pomwe talumidwapo basi. Kwa ena, ngati mlongo wanuyu, chimakhuthuka thupi lonse nthawi imodzi, mmero n'kutupa mpaka kutsekeka."

"Ndiye mapiritsi a ziwengo aja?"

"Aja amatchinga histamini kuti asagwire ntchito, inde, koma amachedwa. Amathandiza pa zidzolo. Munthu akamabanika chonchi mankhwala ake ndi jakisoni wa adirenalini, ndipo palibe nthawi yotaya. Mukanachedwa mphindi zisanu, bwenzi tikukamba zina. Munachedwa kuti?"

Nyundo anatembenukira kukhomo. Kudzera pa chitseko chotsegula ankaona Mphepo atakhala pa benchi, dokotala akumutembenuza dzanja n'kumapukusa mutu. Anamva bwinobwino: zala zitatu zathyoka, ndipo kuyendetsa njinga kuja kwasuntha mafupa. Mwina dzanjalo silidzafumbatanso.

Mzime anachotsa chopumira pang'onopang'ono. Mawu ake anali osasa.

"Inandiluma pansi pa mtengo paja. A Mphepo ndi amene anandichotsa mbola ndi chikhadabo chawo. Anandithira madzi ozizira pakhosi. Ataona kuti ndikutupa anati, thamanga ukaitane achimwene ako, ine ndikuliza njinga, tipite kuchipatala." Anapuma kaye, misozi ikutsikira m'makutu. "Ndinakuonani, achimwene. Ndinali pakhomo, ndinaona zonse."

Mtima wa Nyundo unasweka. Munthu amene msewu wonse unkamuopa anagwada pambali pa bedi, akulira ngati kamwana. Anatambasula dzanja lake lalikulu lija, lakuda ndi dzimbiri, kuti agwire la mlongo wake.

Mzime anabweza lake msangamsanga n'kulibisa m'bulangete.

"Musandigwire ndi dzanja limenelo," anatero, n'kutembenukira kukhoma.