Chitenje cha Tumpale

Lachiwiri, 9 koloko m'mawa, Tumpale Mwakatobe anafika pachipatala chachikulu atabereka mdzukulu wake Atu. Mimba ya mwanayo inali itauma gwa. Dokotala anati afunika opaleshoni dzuwa lisanalowe.

Tumpale anamasula khadi pamfundo ya mpango wake. Chaka chimenecho thandizo la osauka linali litasintha: banja losowa linkapatsidwa khadi lolandirira chithandizo chaulere, anthu asanu ndi mmodzi pakhadi limodzi.

Mlembi wa pawindo anayang'ana pakompyuta n'kupukusa mutu.

"Mayi, mwanayu palibepo. Khadi lanu ndi lodzaza."

"Ladzaza ndi yani? Pakhomo panga tilipo awiri."

Mlembiyo anatembenuza kompyuta. Panali chithunzi cha Tumpale, kenako zibambo zisanu zamasaya onona. Onsewo Tumpale sankawadziwa. Koma maso ake anakakamira kumbuyo kwa mitu yawo. Nsalu yachikasu, chigamba cha ulusi wakuda pangodya. Chigambacho anasoka yekha.

Anakumbukira tsiku la kalembera m'mudzi wa Ikubilo. Wolemba mayina, Gwakisa Mwaipopo, anasowa nsalu yopachika kumbuyo pojambula anthu. Tumpale anamubwereka chitenje chake. Sichinabwerenso.

Anasiya Atu m'manja mwa namwino n'kuthamangira kupolisi. Sajeni Nuru Kisanga, mayi wosachulukitsa mawu amene anthu ankamutchula mwaulemu kuti Afande, anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kungotenga chipewa.

Inali itakwana 12 koloko pamene awiriwo anafika pamsika wa nthochi, kumene Gwakisa ankakonda kupezeka. Anamupeza kuseri kwa tiyirumu, foni m'manja, akujambula bambo wina wamalonda wachimimba. Pakhoma panali chitenje chachikasu.

"Mwana wa mayiwa ali kuti pakhadi?" anafunsa Sajeni.

"Aa, Afande, makompyuta a kutauni amenewa. Amasokoneza mayina tsiku ndi tsiku."

"Kompyutayo imabwerekanso zitenje za anthu?"

Wamalonda uja anadzuka msanga. "Ine anangondiuza kuti malo alipo ogulitsa, Afande. Za mwana sindikudziwa."

Gwakisa anayang'ana kukhomo. Tumpale anali ataima pomwepo, manja m'chiuno.

"Mwanawe," anatero motsitsa mawu, "amayi ako ndinkasenza nawo nthochi. Atu anakulakwira chiyani?"

"Ndimati ndi kamwana kathanzi, mayi. Ndimati sikadwala."

Unyolo wa Sajeni unalira m'manja mwa Gwakisa.

Sajeni anatengera Gwakisa ku ofesi ya makhadi, foni ndi chitenje zili m'thumba. Mayina asanu aja anafufutidwa Sajeniyo akuona. Cha m'ma 3 koloko, dzina la Atu linabwerera, ndipo anamwino anamukankhira kuchipinda cha opaleshoni.

Tumpale anakhala pabenchi osagwedezeka mpaka dokotala anatuluka n'kumugwira phewa. Mwana anali atapulumuka.

Sajeni anali akadali pakhonde.

"Chitenjechi chikhala kwa ife, mayi. Ndi umboni kukhoti."

"Chabwino, Afande. Koma mlandu ukatha mundibwezere. Ndi chimene ndimaberekera mwanayo."