Ufa wa Bowa M'chitini cha Shuga

Botolo loyamba linatha m'masabata awiri, chonsecho linayenera kukwana mwezi. Rosita analigwedezera kukhutu, nalisuzumira m'kati, koma munangotsala kafungo ka dothi.

Makapisulawo anatumiza pa chapa, minibasi ija, ndi mlongo wake Basilio kuchokera ku Tete. M'kati mwake munali ufa wa bowa wina wakunja, ndipo pepala lake linkati umathandiza ubongo ndi mitsempha. Omwa ake anali bambo awo, a Geraldo, amene anaphunzitsa ana ku Fonte Boa mpaka imvi, koma tsopano ankasochera pochokera ku tchalitchi. Rosita ankaopa chinthu chimodzi: kuti tsiku lina adzamufunsa kuti ndi mwana wa yani.

Atatsekula botolo lachiwiri anayamba kuwerenga. Madzulo anasiya makumi awiri ndi asanu ndi anayi, m'mawa anapeza atachoka atatu.

"Bowa ali ndi eni ake," ananong'ona a Adelina oyandikana nawo nyumba, amene nkhani yosawakhudza inkawakomera kuposa ndiwo. "Womera pachulu timadziwa mwini wake. Nanga wa m'botoloyu anamera pamanda pa yani?"

Rosita anaseka, koma usiku umenewo tulo sitinabwere. Mphepo ya Juni inkalira m'malata. Kenako, cha kuchipinda chosungira ziwiya, kunamveka kaphokoso kakang'ono, thi, kenanso thi, ngati munthu akuswa nyemba youma ndi chala. Panatsatira supuni yoyenda pang'onopang'ono m'chitini. Khoswe sagwira supuni. Anafunda kumutu, komabe mtima unkafunitsitsa kudziwa.

Anabisa botolo m'thumba la mbatata, koma atatu ena anachoka. Tiyi wake wa m'mawa anayamba kumveka dothi.

Usiku wachinayi anakhala mumdima kuseri kwa chitseko, foni ili m'manja. Mapazi osavala nsapato anadutsa, thumba linakhwekhwereza, ndipo thi uja atamveka anawalitsa.

A Geraldo anali atagwada, chitini cha shuga chili pakati pa mawondo. Iwo shuga anasiya kalekale; wothira shuga m'nyumbamo anali Rosita yekha. Bambowo ankatsekula kapisula mosamala, n'kukhuthulira ufa m'chitinimo.

"Ababa, mukutani? Mankhwalawa ndi anu!"

"Tsitsa mawu, Rosita," anatero. Dzinalo analitchula bwinobwino, ndipo maso awo anali a mphunzitsi wakale uja. "Langa limodzi ndimamwa. Woiwala weniweni muno ndiwe."

"Ine?"

"Tsiku lometa maliro a amako, azakhali ako anaphika phala la mitsitsi loti tiiwale malemu, asamatibwerere kutulo. Ine ndinakana, ndinati ndine mkhristu. Iwe unamwa mbale yonse." Anavundula shuga uja. "Ndiye amako amabwera usiku, amaima pakhomo pako, amaodira. Iwe phee. Amabwerera akulira, n'kudzandifunsa kuti anakulakwira chiyani."

Rosita anafuna kunena kuti ndi matenda akuyankhula. Koma anayesa kukumbukira mawu a mayi ake, mmene ankamuitanira kuchokera kudimba, ndipo sanapeze kanthu. Nkhope yokha inabwera, yomweyonso inali ya pachithunzi cha pakhoma. Zaka zinayi zokha chimwalirireni! Anachita manyazi.

Anawagoneka bambo ake, nawafunditsa bulangete. Pobwerera anaima pa chitini chija nthawi yaitali. Anatapa supuni yodzaza, nameza wouma.

Sanakhome chitseko cha chipinda chake. Anakhala pamphepete pa bedi, kumvetsera mphepo mpaka inaleka. Kuchipinda china a Geraldo ankaliza mkonono.

Tambala asanalire, kunja kwa chitsekocho munthu anakhosomola pang'ono.

"Odi."

Rosita anawadziwa mawuwo.