Ukonde Wosachapa wa Jombo

Anthu ankamutcha Jombo chifukwa anali ndi jombo imodzi yokha, ya kumanzere. Ankaweta nsomba m'maiwe awiri kuseri kwa nyumba yake, koma chaka china kachilombo kanalowa m'madzimo. Nsomba zinkatupa maso, kuzungulira ngati zoledzera, kenako n'kuyandama mimba kumwamba. Iye ali kalikiliki kukwirira zowola, anzake ankakolola n'kumakhoma malata atsopano. Mtima unamuwawa.

Munthu wina wa pakamwa potsekemera, amene mpaka lero safuna kutchulidwa, anamulozera kwa sing'anga wa kuseri kwa malo ometera. Jombo anamupeza sing'angayo akuwenga zikhadabo ndi lezala.

"Zafa zonse?" anafunsa sing'angayo.

"Zatsala zowerengeka, bambo."

"Zotsalazo ndiye chuma chako." Anamupatsa kansupa koti amangirire kunsonga ya ukonde wake. "Zako sizidzafanso. Koma ukondewo usauchape, usauyanike padzuwa. Aliyense wodzabwereka umupatse ndi manja awiri, ukumwetulira."

"Basi? Za magazi palibe?"

"Magazi a chiyani? Iwe ungokhala munthu wabwino wobwereketsa zinthu. Ukadzakaniza munthu, kapena ukondewo ukadzaona sopo, imfa idzabwerera kwa mwini wake."

Nsomba zotsala zija zinaswana n'kunenepa. Woyamba kubwereka ukonde anali mnzake wa dziwe loyandikana. Sabata isanathe, kwa mnzakeyo kunali ntchentche zokhazokha. Wachiwiri anali mphunzitsi wopuma ntchito, nayenso chimodzimodzi. Nsomba zinasowa pamsika, ogula onse n'kukhamukira kwa Jombo. Anakumba maiwe ena, anagula galimoto ndi jombo ziwiri, koma dzina lija silinamuchoke.

Mlangizi wa za nsomba anaitanitsa alimi. "Kachilomboka kalibe mankhwala," iye anatero. "Nsomba yopulumuka imakhala ndi chitetezo m'thupi, koma ikhoza kusunga kachilombo n'kumapatsira zinzake. Chapani maukonde, yanikani padzuwa, musabwerekane."

Jombo anakhala kutsogolo akugwedeza mutu ngati mkulu wa mpingo. Koma anthu ankati ukonde wa munthu amene nsomba zake sizifa ndi wamwayi, choncho ankabwerabe. Aliyense wodzabwereka, Jombo ankamupatsa ndi manja awiri.

Tsiku lina m'mawa kunafika achemwali ake, mayi wamasiye amene anamulera. Iwo ndiwo ankaswetsa tiana ta nsomba n'kumagulitsa kwa alimi, ndipo dziwe lawo ndi lokhalo linali lisanagwidwe.

"Achimwene, makoswe andidyera ukonde. Ndibwerekeko wanuwo."

"Ndi wonyowa, achemwali. Ukununkha."

"Ine ndinkachapa matewera anu, lero ndiope fungo la ukonde? Kapena mukundikaniza?"

Jombo anayang'ana achemwali ake, anayang'ana galimoto. Anaupereka ndi manja awiri, akumwetulira.

Patapita masiku khumi, achemwali anabwera atasenza ukonde uja, wopindidwa bwino, woyera mbee. Maso awo anali ofiira.

"Zonse zatha, achimwene, ndi zikuluzikulu zoswa zomwe. Ndiye ndauchapa ndi sopo, ndauyanika masiku atatu, kuopa kukupatsirani matenda anga. Kachinthu kena kanali kunsongaku ndataya. Mundikhululukire ngati ndauchedwetsa."

Jombo anaufunyulula ukondewo, n'kupeza kansupa kaja palibedi.

M'mawa mwake nsomba yoyamba inayamba kuzungulira m'dziwe lake. Pofika Loweruka maiwe onse anali mbuu, mimba kumwamba. Anathamangira kwa sing'anga, n'kupeza m'chipinda muja mukukhala telala. Achemwali a Jombo nawo anadwala ndi maganizo, sanauone mwezi wotsatira. Pogona pawo ankangofunsa ngati nsomba za mlongo wawo zili bwino.

Lero mukadutsa pa maiwe oumawo mumupeza Jombo atavala jombo imodzi, akupikicha ukonde m'beseni lopanda madzi, zala zili zilonda zokhazokha. Mukamupatsa moni amayankha kuti, "Sunayere, achemwali." Munthu uja anamulozera kwa sing'anga amazungulira kutali, nkhope ili pansi.

Dyera limayamba ndi kudya anansi, koma silikhuta mpaka lidye wapachibale. Chuma chomwe chimafuna kuti dziwe la mnzako liwole, chisiyeni, chifukwa madzi ake ndi omwewo odzafika kwanu.