Hatchi ya a Solomoni

Izi si zongomva. A Kalebe, amene anaziona ndi maso, akadali moyo kwa Msakambewa, ndipo ndi mkulu wa mpingo wosadziwa kukometsa nkhani.

Akazi awo, a Modesta, anali ndi mchimwene wawo Solomoni, amene anathawa dziko lino pa nkhani za ndale. Anakathera kutali ku Kazakhstan, komwe anaphunzira udokotala wa ziweto. Anabwerera mu 1994, matipate atayamba, mutu uli mbuu. Anzawo ankabwera ndi magalimoto, iwo anatulukira ndi chishalo chakale m'thumba. Kenaka anakagula hatchi yokalamba pa esiteti ina kwa Chisepo, ndipo mudzi wonse unaseka mpaka kugwira nthiti.

Koma zinali zokoma masiku amenewo! M'mawa uliwonse a Solomoni ankakwera hatchiyo kulunjika kumapiri a ku Ntchisi, akuimba nyimbo ya chilankhulo chosamveka, ndipo a Modesta ankasiya tsache n'kumamvetsera. Zaka makumi atatu anali atadikira mawu amenewo.

Tsiku lina a Solomoni anati: "Mlongo wanga, kumene ndinali, hatchi ndi mapiko a munthu. Mwini wake akafa amaidula mchira, ikhale yamasiye, ndipo chaka chonse siikweredwa. Ndikadzafa udzaidule. Ukapanda kutero sindidzadziwa kuti ulendo watha."

"Ndamva, achimwene," anatero a Modesta akuseka.

A Solomoni anamwalira mu Juni 1996. Tsiku loika maliro a Modesta anapita kukhola ndi sizasi, koma atacheuka anaona amayi anzawo a Chigwirizano ali yaviyavi pabwalo. Kwathu kuno mchira wa nyama amayenda nawo ndi asing'anga. Mayi wovala zoyera n'kupezeka nawo m'manja, pamaliro? Anabisa sizasi ija m'chitenje n'kubwerera.

Patatha sabata, a Kalebe anapeza hatchi ili thukuta lokhalokha, chipata cha khola chili chotseka. Pamsana pake panali ponyowa ndendende ngati pochoka chishalo, pamene chishalocho chinali chopachika m'nyumba. Mawa lake zomwezo. Mkuja zomwezo. Hatchi inayamba kuonda, nthiti kuchita kuwerengeka.

"Amayi, chinyamachi chifa," anatero a Kalebe chapansipansi. "Chitani zimene anakuuzani."

Koma a Modesta anazengerezabe. Sizinalinso za manyazi ayi. Iwo anali atayamba kuimvanso nyimbo ija m'mawa, kutali m'nkhungu, ndipo mtima wawo unkakondwa. Ankadziwa kuti akupha hatchi komanso kumuzunza wakufa, koma ankati: mawa.

Lachinayi lina awiriwa ankatsikira kudimba dzuwa litatuluka kale, nkhungu ili tolo. Njiwa zinasiya kulira. Kunamveka fungo la chikopa chonyowa, ndi la sopo wofiira uja a Solomoni ankasambira. Kenaka ziboda. Gu, gu, gu.

Hatchi inatulukira m'nkhungumo. Inalibe chingwe, koma mutu wake unali wokokeredwa m'mbuyo ngati wina waigwira. Pamsana panalibe munthu. Nyimbo inali pomwepo, pamwamba pake.

Miyendo ya hatchi inkanjenjemera. Thovu linali kukamwa.

"Amayi," ananong'ona a Kalebe.

"Ndaona."

Sizasi ija inali ikadali m'chitenje chiyambire tsiku la maliro. A Modesta anayandikira. Anagwira mchira. Unali wozizira ngati madzi a pachitsime.

"Achimwene, tsikani. Mwafika."

Anadula.

Nyimbo inaduka pakati. Panamveka phazi likuponda pansi. Kenaka lina. Udzu wa mame unayamba kugona wokha, pang'onopang'ono, kulowera njira ya kumanda. Hatchi inatembenuza mutu n'kuyang'ana komweko mpaka udzu unaleka kugwedera.

Inachira, inanenepa, ndipo inakhala zaka zina zinayi osakweredwa ndi munthu. Amayi a Chigwirizano ananena zonena zawo, n'kutopa. Mchira uja a Modesta anausunga m'sutikesi, ndipo a Kalebe amati mwezi wa Juni ukafika umapezeka wonyowa ndi mame, sutikesi ili chitsekere.

Nyimbo ija sinamvekenso. Mpaka tsiku lomwalira, a Modesta ankaimabe ndi tsache m'mawa kuyang'ana kumapiri, ndipo wina akawafunsa ankati:

"Koyamba anandilanda ndi boma. Kachiwiri ndinawathamangitsa ndekha, ndi sizasi."