Polishi pa Dzanja la Kanyerere

Kunyumba amamutchula kuti Kanyerere. Ndi mtsikana wamng'ono, wosakhala pansi. Kanyerere akufuna chinthu chimodzi chokha. Akufuna kuti mnzake amugwirenso dzanja.

Kale ankagwirana manja popita kusukulu. Ankagwirana manja pobwera. Tsiku lina padzanja la Kanyerere panatuluka banga loyera. Banga linakula. Kenako panatuluka lina.

"Amayi andiletsa kukugwira," anatero mnzakeyo. "Akuti undipatsira."

Anabisa manja kumbuyo.

Kanyerere anatsuka dzanja ndi sopo. Mawanga sanachoke. Anakhula ndi mwala. Khungu linapweteka, koma mawanga sanachoke.

Kusukulu ana anaima mozungulira. Onse anagwirana manja. Kumanja kwa Kanyerere kunali mpata. Kumanzere kunalinso mpata. Mtima unamuwawa kwambiri.

Bambo ake a Kanyerere amasoka nsapato m'mbali mwa msewu. Ali ndi nyundo, ulusi ndi burashi. Alinso ndi kachitini ka polishi. Nsapato yosuluka akaipaka, imawala ngati yatsopano. Kanyerere anayang'ana nsapato. Anayang'ana dzanja lake. Anaika kachitini m'thumba.

M'mawa anapaka polishi padzanja. Mawanga onse anabisika. Anathamangira kwa mnzake.

"Taona! Ndachira!"

Mnzake anasangalala. Anamugwira dzanja. Koma dzuwa la tsikulo, abale inu! Polishi anasungunuka. Anadetsa dzanja la mnzake. Anadetsanso diresi lake loyera.

"Mayo ine! Wandipatsira!" anakuwa mnzakeyo, n'kuthawa.

Kanyerere anatsala yekha pamsewu.

Anapita kukakhala pansi pa tebulo la bambo ake. Sanadye. Bambo ananunkhiza uku ndi uku.

"Kodi mwana wanga wasanduka nsapato?" anafunsa.

Kanyerere sanaseke. "Bambo, palibe amene adzandigwirenso dzanja," anatero akulira.

Bambo anaika nyundo pansi. Anapita naye kuchipatala.

Adokotala anagwira dzanja la Kanyerere. Analigwira mopanda mantha.

"M'thupi mwako muli asilikali ang'onoang'ono," anatero adokotala. "Ntchito yawo ndi kumenya tizilombo ta matenda. Koma asilikali ako asokonezeka. Akumenya tinthu timene timapatsa khungu mtundu wake. Pamene amenyapo, khungu limayera. Nthendayi dzina lake ndi vitiligo."

"Ndinalakwa chiyani ine?" anafunsa Kanyerere.

"Sunalakwe chilichonse. Ndipo sungapatsire munthu."

"Nanga mawangawa achoka?"

Adokotala anati, "Ndikupatsa mafuta odzola. Athandiza kuti asilikaliwo afatse. Mwina mawanga ena achoka. Mwina sachoka."

Kanyerere anagwetsa nkhope. Analira njira yonse.

Mawa lake mayi a mnzake uja anabweretsa nsapato yong'ambika. Mnzakeyo anabisala kumbuyo kwawo. Kanyerere anabisala pansi pa tebulo.

"Tuluka, mwanawe," anatero bambo.

Anatenga dzanja la Kanyerere. Analiika m'dzanja lawo.

"Mayi, taonani," anatero bambo. "Dzanja ili ndimaligwira tsiku lililonse. Langali layera pati?"

Dzanja la bambo linali bii ndi polishi. Mayi aja anayang'ana pansi ndi manyazi.

Mnzake uja anayandikira pang'onopang'ono. Anakhudza banga ndi chala chimodzi. Anayang'ana chalacho. Chinali bwinobwino. Anakhudzanso ndi zala ziwiri. Kenako anagwira dzanja lonse.

"Koma usadzapakenso polishi," anatero. "Amanunkha!"

Bambo anaseka. Kanyerere naye anaseka, misozi ili m'masaya. Mawanga analipobe. Dzanja limodzi linali kwa bambo. Dzanja lina linali kwa mnzake. Mpata panalibenso.