Njinga ya Pabalaza

Njinga ya bambo Fadili inaima pakati pa balaza, gudumu lakumbuyo lili m'malere. Shafii, kalipentala wa m'mudzimo, anali ataikhomera miyendo ya matabwa kuti izipalasidwa osasuntha. Bambo Fadili anali pamwamba pake, thukuta lili kamukamu, mwendo wamanzere ukunjenjemera pa pedulo. Mwana wawo Hamida, wa zaka khumi ndi zinayi, anakhala pamphasa atagwira foni ya amayi ake ndi kope la kusukulu.

"Kangati lero?" anafunsa bambo Fadili uku akupuma mwawefuwefu.

"Makumi anayi ndi kamodzi, ababa."

"Nanga dzulo?"

"Chimodzimodzi."

Bambo Fadili anatsika movutikira, nakakhala pakhonde.

Kwa zaka makumi awiri iwo ankanyamula nsomba zouma panjingayo kuchokera kunyanja ya Chiuta kukagulitsa kumsika wa ku Insaca. Kenako matenda ofa ziwalo anawagwira mbali yamanzere. Atayamba kuyenda ndi ndodo, namwino wina dzina lake Ivone anawalangiza kuti azipalasa njinga m'nyumba kuti mwendo ulimbe. Ananena kuti kuli makina oyezera mphamvu ya munthu wopalasa, koma ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo iye mwini anangowaonapo pachithunzi.

"Simukuwafunanso makinawo," anatero Ivone. "Hamida, umange kapulasitiki pafelemu apa. Pedulo ikadutsa kazilira, iwe uziwerenga kwa mphindi imodzi pa wotchi ya foni. Akatsika uziwagwira pamsempha wa padzanja, uwerengenso kugunda kwa mtima. Zonse uzilemba. Akadzafika makumi asanu ndi limodzi pa mphindi, kwa mphindi makumi awiri, mtima osathamanga, mudzabwere tidzakambe za msewu."

Poyamba manambala ankakwera sabata ndi sabata, ndipo bambo Fadili ankapempha kuona kope asanapukute ndi thukuta lomwe. Koma atafika pa makumi anayi ndi kamodzi, mwendo unakana. Panapita masabata atatu. Bambo uja anayamba kusiya chakudya m'mbale. Anzawo akamadutsa pamsewu ndi madengu a nsomba, akuliza mabelu, iwo ankalowa m'nyumba.

Tsiku lina Hamida akuchokera kukatunga madzi anawamva akuuza amayi ake, mayi Rashida, kuseri kwa nkhokwe.

"Ine ndatha, mayi a Hamida. Ndikupalasa tsiku ndi tsiku koma sindikufika kulikonse. Ndangosanduka katundu wa pakhomo."

Mtima wa Hamida unasweka. M'mawa mwake kapulasitiki kanalira makumi anayi ndi kamodzi monga mwa masiku onse. Iye anayang'ana msana wa bambo ake wonyowa ndi thukuta.

"Makumi anayi ndi kasanu, ababa," anatero.

Bambo Fadili anatembenuka, maso ali gwa. "Ukunena zoona?"

"Eya."

Tsiku limenelo anadya mpaka kupempha chowonjezera. Anaseka ndi ana a nyumba yoyandikana nayo, ndipo Lachisanu anatsimphina yekha mpaka kumzikiti. Hamida ataona zimenezi anadziuza kuti sanalakwe. Anaganiza kuti mtima ukasangalala, mwendo nawo utsatira. Choncho sabata iliyonse ankawonjezera pang'ono m'kope muja. Kugunda kwa mtima nako ankakutsitsa polemba, ngakhale chala chake chinkamva msempha ukuthamanga ngati wa nkhuku yogwidwa.

"Lachiwiri tipite nalo kopeli kwa a Ivone," anatero mayi Rashida tsiku lina.

"Tidikire kaye, amayi. Ndili ndi mayeso," anayankha Hamida.

Loweruka linalo iye analemba makumi asanu ndi limodzi. Analibenso pobwerera.

Lolemba ali m'kalasi, mphunzitsi anamuitanira panja. Pa khomo la sukulu panali Shafii, chipewa chili m'manja.

"Tiye kuchipatala, mwanangu. Bambo ako agwa."

Ali m'njira Shafii anamufotokozera. Mayi Rashida atapita kumunda, bambo Fadili anazula misomali ya matabwa aja, kumanga dengu pa kaliyala, n'kuloza njira ya ku Chiuta. Anayenda bwino mpaka pa chitunda cha kutsidya kwa mlatho. Pamenepo mwendo unalephera kukankha pedulo, njinga inabwerera chambuyo, iwo n'kugwera m'ngalande ya miyala. Anzawo a nsomba ndi amene anawatola.

Hamida anawapeza atagona chagada, nkhope itatumbuluka. Mayi Rashida anali kumutu kwa bedi akupukuta misozi ndi mpango. Ivone anamukokera pambali mtsikanayo.

"Fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo lathyokera mbali yodwala yomwe ija," anatero motsitsa mawu. "Tikuwatumiza kuchipatala chachikulu cha ku Cuamba. Kuyenda mwina adzayenda, koma za njinga tiiwale."

Hamida anagwada pambali pa bedi. Bambo ake anayesa kumwetulira.

"Usalire, mwanangu. Wolakwa ndine. Ndinafuna ndikudzidzimutseni ndi dengu la nsomba. Kaya chinachitika n'chiyani, poti kope linkati ndakwanitsa."

"Ababa," anatero Hamida, "simunakwanitse. Simunapitirirepo makumi anayi ndi kamodzi. Zinazo ndinkangolemba ine."

Mayi Rashida anasiya kupukuta misozi. Kuchipinda china kunkamveka kulira kwa khanda.

"Kuyambira liti?" anafunsa bambo Fadili.

"Mwezi wathawu. Ndinakumvani mukuuza amayi kuti mwatha. Ndinkafuna muzidya."

Bambo Fadili anatseka maso. Msozi unatsika n'kulowa m'khutu.

"Mwendowu unkandiuza," anatero pang'onopang'ono. "Tsiku lililonse unkandiuza kuti sunafike. Koma ndinati mwendo unganame, Hamida sanganame."

Hamida anagwetsa nkhope pa bulangete nalira mpaka mapewa kugwedezeka. Ankayembekeza kuti bambo ake amukalipira, ndipo mumtima ankalakalaka atatero. Koma iwo sanatero. Patapita kanthawi anamva dzanja lamanja, lokhalo lamphamvu, likumugwira pamutu. Silinamusisite. Linangokhala pamenepo, lolemera.

Galimoto yonyamula odwala itafika, Ivone anabwera ndi pepala loti apite nalo ku Cuamba.

"Madokotala akafuna kudziwa mphamvu ya mwendowu asanagwe, ndi mmene mtima unalili," anatero. "Kope lija mwabwera nalo?"

"Lili m'chikwama changa," anayankha mayi Rashida, natambasula dzanja kuti alitenge.

Hamida anaimirira, napukuta nkhope ndi mkono wa yunifolomu.

"Lisiyeni, amayi. A Ivone, musakopere za m'menemo. Ndikuuzani ndi pakamwa, tsiku ndi tsiku. Zenizenizo ndikuzikumbukira zonse."

Ivone anatsegula cholembera. Hamida anayamba kutchula manambalawo pamene anthu awiri ankanyamula bambo ake pamachira kutuluka nawo panja.